Chikopa cha Sajeni

Inu amene mwagwira tsaya lero, mukuti dziko lakufulatirani, tasendezani mpando kuno. Ndikuuzeni za Kenan wa ku Wovwe, m'boma la Karonga, munthu amene tsiku lina anapezeka atakhala m'nyumba yopanda denga komanso yopanda mkazi.

Chinali chaka cha 1975. Njira ya ku Joni inali itatsekedwa, ndipo Kenan anali atabwerako ndi kangachepe. Anakhoma malata, nagula njinga. Kenaka mtima unamuuza kuti alime mpunga wambiri kusikimu ya mthirira, koma ndalama zinaperewera. Anapita kwa munthu wa katapila.

Katapila mukumudziwa inu. Umatenga imodzi, mwezi ukatha ubweze ziwiri, ukachedwa zakwana zinayi. Chaka chimenecho madzi anasefukira, mpunga wonse psiti! Wakatapila sanafunse za madzi. Anabwera ndi azibambo awiri, natenga njinga, nakwera padenga kuzula malata limodzilimodzi, mwini nyumba akuonerera.

Sabata isanathe, apongozi ake aamuna anafika kuchokera ku Ngara. Anayang'ana kumwamba, naona mitambo ali m'kati mwa nyumba. Anauza mwana wawo Febby, mkazi wa Kenan, kuti abereke kamwana kake, Towera, amange katundu.

"Mkweni," anatero mkuluyo polankhula ndi mkamwini wake Kenan, "mwana wanga sagona poyera ngati ng'ombe. Pamalowolo panatsala ng'ombe ziwiri. Zifike pakhomo panga Khrisimasi ya chaka chamawa isanakwane. Zikapanda kufika, ukwati watha."

Febby anachoka akulira. Kenan sanalire pamaso pa anthu, koma atatsala yekha analira ngati mwana. Ng'ombe ziwiri! Munthu wopanda ngakhale nkhuku.

Anapita ku Karonga Boma kukafuna ganyu. Mumsika sanalowemo, poti pachipata ankafuna khadi la chipani ndipo iye analibe tambala zogulira. Choncho ankangokhala kuseri, pafupi ndi pamene amazingira ng'ombe, kudikira wina woti amusenzetse katundu. Masiku ena ankadya, masiku ena ankangomeza malovu.

M'mawa wina nkhunzi yomwe ankafuna kuzinga inadula chingwe. Kunali kubalalika kumeneko! Amayi anataya madengu, azibambo amene aja oyenda modzikweza n'kukwera mumtengo wa mango osayang'ana m'mbuyo. Kenan, amene anakulira kubusa, anangoimirira. Anaimba kamluzu kapansipansi, nayandikira chammbali, akuilankhula m'Chitumbuka ngati akunyengerera mwana. Nkhunzi inapumira m'mwamba, kenaka inatsitsa mutu. Anaigwira khutu, naibweza.

Mwini ng'ombeyo anali Che Amidu, Msilamu wochokera ku Mangochi, amene ankagulitsa nyama mumsikamo. Anali bambo wamfupi, wa kandevu koyera, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka. Anamuitana Kenan, namugulira tiyi, namufunsa za moyo wake. Kenan anakhuthula zonse.

"Ku Wovwe kwanuko," anafunsa Che Amidu, "mpunga umachoka bwanji m'minda kupita kumsika?"

"Pamutu, bwana. Ngolo n'zowerengeka."

"Ine si bwana. Tamverani, achimwene. Ine ndili ndi ndalama koma sindidziwa kulankhula ndi ng'ombe yamoyo. Inu mukudziwa koma mulibe ndalama. Ndigula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, inu muziyendetsa. Phindu likapezeka, magawo awiri anu, limodzi langa."

Kenan anafunsa kuti, "Nanga pamwezi ndizibweza zingati?"

"Palibe chobweza. Si ngongole. Ife Asilamu chiwongoladzanja timachitcha riba, ndipo n'choletsedwa, ndi haramu. Ichi ndikunenachi timati mudharaba. Wina aika chuma, wina aika manja. Mukapeza zambiri tigawana zambiri, mukapeza zochepa tigawana zochepa."

"Nanga ng'ombe ikafa?"

"Ikafa popanda kusasamala kwanu, yafa yanga. Ine ndataya chuma, inu mwataya thukuta. Ndikupemphani ziwiri zokha. Ngoloyo isanyamule mowa kapena nkhumba, ndipo musandinamize."

Kenan anavomera, anagwirana chanza pamaso pa mboni ziwiri. Koma ndikuuzeni zoona, mawu aja akuti "yafa yanga" analowera khutu ili n'kutulukira linali. Mumtima ankati, aaa, onse amayamba ndi kumwetulira, ndi wakatapila yemwe ankaseka tsiku loyamba.

Kumudzi nako anthu sanasowe chonena. Ena kutchalitchi anamunong'oneza kuti, "Samala, mawa tikuona utavala mkanjo." Kenan sanawalabadire. Pamene malata ankazulidwa, onsewo anali kuti?

Ng'ombe zija anazitcha maina. Yaikulu, yakuda, yokhala ndi banga loyera pamphumi, anaitcha Sajeni, chifukwa inkayenda ngati ikuyendera perete. Inzake yofiira, yaulesi pang'ono, inali Kopolo. Sanazimenyepo ndi chikwapu, ankangoziimbira mluzu. Kudibi sankajomba. Dzuwa likafika paliwombo ankazimasula goli, zipume pamthunzi, ngakhale mwini katundu atukwane chotani.

Ntchito inagwiridwa, abale. Nthawi yokolola Kenan ankatuta matumba a mpunga kuyambira mbandakucha. Mpunga ukatha ankatuta njerwa, mchenga, nkhuni, ngakhale odwala kupita nawo kuchipatala. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi migolo itatu ya mowa wa paukwati, nalonjeza kulipira kawiri. Kenan anameza malovu, nakana. Mayiyo anamutcha Shehe Kenan, ndipo dzinalo linamumata kwa miyezi.

Mwezi ukatha ankakwera basi kupita ku Boma, khadi lake lili m'thumba tsopano, nakagawana ndi Che Amidu. Mwezi wina zinkachuluka, mwezi wina zinkachepa, ndipo mkuluyo ankalandira chimodzimodzi, akuthokoza Mulungu kuti, "Alihamdulillahi." Kenan anafolera nyumba ndi udzu. Pofika mwezi wa Epulo chaka chotsatira anagula msoti wa ng'ombe, wonenepa bwino. Imodzi yapezeka, yatsala imodzi. Anatumiza uthenga ku Ngara kuti Febby ayambe kutsuka miphika.

Ndiye mukudziwa mmene moyo umachitira. Masana ena, m'mwezi wa Meyi, Sajeni akudya msipu m'mbali mwa ngalande, njoka inamuluma mwendo wakutsogolo. Kenan anathamangira alangizi a ziweto, koma pobwera anapeza Sajeni atagona, maso ali gwa. Alangizi anangopukusa mutu, nati nyamayo ikwiriridwe.

Kenan anasenda chikopa. M'maso mwake sankaona ng'ombe yakufa ayi. Ankaona azibambo awiri ali padenga. Ankati Che Amidu akamva, ngolo ipita, msoti upita, Febby apita. Anayanika chikopacho kuseri kwa nyumba, chitauma anachipinda n'kuchibisa kudenga.

Apa ndiye pamene munthu wanzeru anachita chopusa. Anatenga msoti uja, ng'ombe ya mkazi wake, nakausinthanitsa ndi ng'ombe yamphongo yakuda, kuti aliyense woona patali aziti ndi Sajeni. Koma yatsopanoyo sinkadziwa goli. Kopolo akakokera kumanja iyo inkakokera kumanzere, tsiku lina inagwetsera ngolo m'ngalande. Maulendo anachepa, ndalama zinachepa.

Mwezi utatha, Kenan anaopa kuti gawo la Che Amidu likachepa pabwera mafunso. Anatapa pagawo lake n'kuwonjezera kuti lifanane ndi la mwezi wapitawo. Mwezi wachiwiri anatero, wachitatu anateronso. Iye mwini ankagonera chinangwa chootcha, akudzitonthoza kuti akuchita chilungamo choposa, poti mwini chuma sakutaya kanthu.

Koma Che Amidu sanali mwana. Lolemba lina anangotulukira ku Wovwe, natsika basi, napeza ngolo ili pamsewu. Sanapereke moni. Anazungulira ng'ombe yakudayo kamodzi, naiyang'ana pamphumi.

"Iyi ndi yani?"

"Ndi... ndi Sajeni, Che Amidu."

"Achimwene, ine ndazinga ng'ombe zaka makumi awiri. Mukufuna mundiphunzitse nkhope ya ng'ombe imene ndinasankha ndekha? Banga lija lapita kuti, mwalichapa ndi sopo?"

Kenan anagwada pafumbi pomwepo, naulula zonse. Anafulumira kunena kuti mkuluyo sanataye kalikonse, ng'ombe ilipo ina, ndipo ndalama zakhala zikufika zokwana. Ankayesa kuti mawu amenewo aziziritsa mtima. Kunali kuthira palafini pamoto.

"Zokwana! Ndicho chandibweretsa kuno chimenecho. Ndi geni yanji imene imabala ndalama yofanana miyezi itatu, kugwe mvula, kuwale dzuwa? Ndalama yobwera yokhayokha, mnzako akugona ndi njala, si phindu imeneyo. Ndi riba! Ine ndathawa katapila moyo wanga wonse, inu mwandisandutsa wakatapila ine osadziwa. Mwadyetsa ana anga haramu!"

Mkuluyo anapitiriza mokwiya. "Ng'ombe kufa si mlandu. Koma ndidziwa bwanji tsopano kuti inafadi ndi njoka? Mwina munaipha ndi chikwapu, mwina munaigulitsa. Loweruka ndituma munthu adzatenge ngolo." Anakwera basi yobwerera osamwa ndi madzi omwe.

Taganizani. Ogasiti ameneyo, Khrisimasi yatsala miyezi inayi. Msoti palibe, ngolo ikupita. Kenan anakhala pakhonde masiku awiri osamanga goli, akudzitukwana yekha.

Mbiri siyenda pansi. Lachitatu Febby anafika kuchokera ku Ngara, Towera ali kumbuyo, atauza bambo ake kuti akupita kusikelo. Sanalire ndipo sanakalipe. Analowa m'nyumba, nanunkhiza, nayang'ana kudenga.

"Awiske Towera," anatero, kutanthauza bambo a Towera m'Chitumbuka, "icho n'chiyani?"

"Chikopa cha Sajeni."

"Yayi, inu! Ku Joni kuja munasiyako nzeru? Kwathu kuno munthu akakuikiza ng'ombe m'khola mwako, n'kufa, umatani? Agogo anu ankatani?"

Kenan ankadziwa, mwana aliyense wa ku Karonga amadziwa. Ng'ombe yoikizidwa ikafa, woisunga amasenza chikopa kupita nacho kwa mwini, kuti mwiniyo aone ndi maso ake kuti ndi yomweyo ndipo inafa motani. Akatero mlandu palibe. Wobisa chikopa ndiye wakuba.

"Zimene anakuuzani Mswahili wanuyo n'zosiyana pati ndi zimenezi?" anatero Febby, poti kumeneko Msilamu aliyense ankangomuti Mswahili. "Munthu anakupatsani mwambo wa kwanu womwe, inu n'kumamuyankha ndi mwambo wa katapila. Tsitsani chikopacho."

M'mawa mwake anakadikira basi. Kondakitala atangomva fungo anakuwa kuti, "Icho ayi! Mukufuna anthu asanze?" Basi inapita. Kenan anayang'ana msewu wautali wopita ku Boma, naika chikopa pamutu, nayamba kuyenda. Febby anamutsatira pambuyo ndi mwana.

Chikopa chouma cha ng'ombe yaikulu si chipewa, abale. Chimalemera, chimakhula khosi, mphepo ikawomba chimakukankhira kutchire. Ntchentche zinamuperekeza ngati mkwati. Anthu m'midzi ankatuluka kudzaseka. "Shehe Kenan wasanduka ng'ombe!" Iye anangopitiriza ulendo.

Choipa kwambiri n'chakuti msewu wa ku Boma umadutsa pa Ngara penipeni, kutsogolo kwa nyumba ya apongozi ake. Kenan analakalaka nthaka itang'ambika. Mkulu uja anali pakhonde akusoka ukonde. Anaimirira, nayang'ana mkamwini wake ali thukuta kamukamu, chikopa pamutu, mwana wake ali pambuyo. Kenaka anabwerera kuukonde wake. Febby anapatukira kwawo, Kenan anapitirira yekha.

Anagona panjira kwa wachibale, nafika ku Boma Lachisanu masana, mapazi atatupa. Che Amidu anali atangobwera kumene kuchokera kumzikiti. Kenan anatula chikopa patsogolo pa benchi la nyama, anthu onse amumsika akuona, nachitambasula.

"Che Amidu, Sajeni wanu ndi uyu. Ndinayenera kubwera naye mwezi wa Meyi. Ndinaopa. Ndinakunamizani, ndikhululukireni."

Mkuluyo anapukuta manja, nanjuta pansi. Anayamba ndi pamphumi, napeza banga loyera lija. Kenaka anayendetsa chikhatho pamsana ponse, pang'onopang'ono, ngati munthu wowerenga kalata. Anafika pakhosi pamene pamakhala goli, nasisita. Anatembenuza chikopa, nayang'ana mwendo wakutsogolo, pamene panali podetsedwa ndi ululu wa njoka.

Atadzuka, maso ake anali atafiira. Anaitana anzake ogulitsa nyama. "Tabwerani muone. Ng'ombe iyi yakoka ngolo chaka chathunthu. Ndipezereni mkwapulo umodzi pamsanapa. Ndipezereni bala la goli. Zikopa za ng'ombe zapangolo ndaziona zambiri, zimakhala ngati munda wolimidwa mizere. Ichi n'chosalala ngati cha mwana wa ng'ombe."

Anatembenukira kwa Kenan. "Pakamwa panu pananama, koma chikopa sichinama. Munthu wopusa inu! Umboni wokuombolani munali nawo kudenga miyezi itatu, inu n'kumagonera chinangwa. Sajeni wafa wanga. Ndinanena, ndipo ndikubwereza."

Analowa m'kachipinda kake, natuluka ndi kansalu komanga mfundo, namuponyera m'manja. Zinali ndalama zonse zimene Kenan ankawonjezera mwamseri. "Tengani, zikundiotcha. Tsono ng'ombe yopanda banga ija ndi yanu, munagula ndi msoti wanu. Sankhani. Mukaisiya pangolo ngati yanu, ndiye kuti nanunso mwaikamo chuma, gawo lanu likula. Kapena ndiigule ine, ndikupatseni msoti wina m'khola langa lero lomwe."

Anthu anayamba kumulangiza kuti asiye ng'ombeyo pangolo, adzalemera. Kenan anapukusa mutu. "Ine sindinalowe ntchitoyi kuti ndilemere. Ndinalowa kuti mkazi wanga abwere kunyumba. Ndipatseni msoti."

Che Amidu anaseka mpaka kutsokomola. "Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Pitani kaphunzitseni goli chitsiru chanu chakudacho."

Miyezi inayi imeneyo Kenan anagwira ntchito ngati wamisala. Ng'ombe yatsopano inaphunzira mluzu. Komanso mbiri ya chikopa inali itamuyendera patsogolo, moti anthu amene ankamuseka aja ndi amene anayamba kumufuna, akuti katundu wawo akakwera ngolo ya munthu ameneyu sasowa. Mwezi wa Okutobala unali woipa, gawo la Che Amidu linali lochepa zomvetsa manyazi. Kenan analipereka momwemo, mutu uli m'mwamba, ndipo mkuluyo anati, "Izi ndiye ndalama zokoma."

Kutatsala masiku anayi kuti Khrisimasi ikwane, ngolo inaima pa Ngara, ng'ombe ziwiri zazikazi zitamangidwa kumbuyo, msoti wa kwa Che Amidu uja ndi wina amene Kenan anagula ndi phindu lake. Akuluakulu anakhala pansi, mwambo unachitika. Pomaliza apongozi aja anatembenukira kwa Kenan.

"Mkweni, ng'ombezi ndalandira. Koma ndikuuze, ukwati wako sunapulumuke lero. Unapulumuka tsiku lija unadutsa pano ndi chikopa cha mwini pamutu, anthu akukuseka. Ndinati munthu wosataya chikopa cha ng'ombe yakufa sangataye mwana wanga."

Febby anakwera ngolo ndi Towera ndi miphika yake. Pokhalira panali patayalidwa chikopa chakuda cha banga loyera, chimene Che Amidu anakana kuchitenga. Anakhala pamenepo mpaka ku Wovwe, akuimba nyimbo za kwaya njira yonse, Kenan akungomwetulira ngati wopenga.

Zaka zitapita, ngolo zinakhala zitatu, malata anabwerera padenga. Kenan sanavale mkanjo, anafika pokhala mkulu wa mpingo, ndipo Che Amidu sanasiye mzikiti wake. Koma njira ija yogawana phindu inafalikira. Mayi wina wa tiyi pa Wovwe anayamba nayo, asodzi awiri a ku Ngara anapeza ukonde mwa njira yomweyo. Kenan naye atayamba kupatsa anzake ngolo, ankawauza mawu omwe aja, kuti phindu tigawana, tsoka losachita kufuna ndi langa, koma usandinamize. Akatero ankawaonetsa chikopa.

Tsono inu amene malata anu anazulidwa, mverani. Si dzanja lililonse lotambasuka limene labisa mbedza. Alipo anthu, mwina a chipembedzo china, mwina a mtundu wina, ofuna kuyenda nanu pa phindu ndi pa tsoka pomwe. Mukawapeza, gwirani ntchito ndi mtima wonse, ndipo zikavuta musathamangire kuphimba dzenje ndi ng'ombe ya mkazi wanu.

Mwina pamene mukuwerenga pano muli ndi chikopa chanu kudenga, chimene mukuopa kuti anthu achiona. Chitsitseni. Chilemera, chinunkha, anthu aseka, koma mwina ndi chomwecho chimene chikakuomboleni. Osataya mtima, abale anga. Senzani chikopacho, muuyambe ulendo.